Gliricidia m'munda wa chimanga: zimene ndinakumana nazo m'zaka zinayi zoyamba

Munda umene ndikukamba pano ndi ekala imodzi, kufupi ndi Thondwe m'boma la Zomba. Dothi lake ndi lofiira, lamchenga chakumtunda, ndipo walimidwa chimanga chaka ndi chaka kuyambira nthawi ya agogo osagonekedwa. Pofika 2020 unali utaguga moti popanda feteleza chimanga chinkangofika m'chiuno n'kutulutsa ngayaye, kwinaku kaufiti atafiira mbali yonse ya kumtunda. Ndi thumba limodzi la feteleza wokulitsa ndi limodzi la wobereketsa, chakudya chinkatifikitsa mu Disembala basi.

Kwathu ndi pafupi ndi malo ofufuzira zaulimi a Makoka, kumene akatswiri a ICRAF, bungwe lofufuza za kulima mbewu pamodzi ndi mitengo, anayamba kuyesa kulima chimanga pamodzi ndi gliricidia, mtengo umene masamba ake amabwezeretsa chonde m'nthaka, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Anapeza kuti pa zaka zoposa 10, munda wa mitengoyi wopanda feteleza unkatulutsa chimanga chochuluka pafupifupi katatu kuposa munda wa chimanga chokhachokha wopandanso feteleza. Zimenezo ndi zoona, ndipo n'zimene zinandikopa. Koma nkhaniyi ikamayenda pakamwa, zaka ziwiri zoyamba zimadumphidwa, pamene ndi m'zaka zimenezo m'mene alimi ambiri amagwa ulesi n'kuzula mitengo. Ndalemba izi kuti amene mukufuna kuyamba mudziwiretu chimene chikukudikirani, ndi nthawi imene ntchito iliyonse iyenera kugwiridwa.

Kabzalidwe kake n'kosavuta kukamvetsa. Mizere ya chimanga imakhala yotalikirana masentimita 75 monga mwa masiku onse. Mitengo imabzalidwa pansi pakati pa mizere, koma osati paliponse: mubzala khwawa limodzi, kudumpha lotsatira, kubzalanso linalo. Motero mizere ya mitengo imatalikirana mita 1.5, ndipo mtengo ndi mtengo mumzere umodzi amatalikirana masentimita 90. Pa hekitala imakwana mitengo pafupifupi 7,400, pa ekala pafupifupi 3,000. Chiwerengerochi chimaopsa, koma chili ndi chifukwa chake. Makilogalamu 100 a masamba ouma a gliricidia amakhala ndi nayitirojeni (chakudya cha mbewu chimene timachifuna mu urea) wokwana makilogalamu 3 kapena 4, pamene thumba la urea la makilogalamu 50 lili ndi 23. Kuti mufanane ndi thumba limodzi lokha mufunika masamba ouma pafupifupi makilogalamu 600 kapena kuposa, ndipo masamba aawisi amalemera pafupifupi kanayi kuposa ouma. Ndiye kuti mtengo uliwonse mwa 3,000 ija uyenera kupereka masamba aawisi okwana pafupifupi kilogalamu imodzi. Amene amabzala mitengo 50 m'malire mwa munda n'kumadandaula kuti gliricidia sathandiza sanalakwe kuona, koma masambawo ndi ochepa kwambiri kuti asinthe kanthu.

Ine ndinayamba ndi ekala yonse nthawi imodzi, ndipo sindingamuuze munthu kuti achite chimodzimodzi. Kota ya ekala, mitengo 750, ndiyo ntchito imene banja limodzi lingaikwanitse bwino chaka choyamba.

Vuto loyamba linabwera pa mbewu. Ndinagula kwa wogulitsa wina pamsika, njere zooneka bwinobwino zili m'pepala la pulasitiki, n'kufesa pa nazale kumayambiriro kwa Okutobala 2020. Njere yabwino ya gliricidia imamera pasanathe masiku 10. Patatha milungu iwiri pabedi panali timbande tapatalipatali, tina tonyozoloka. Mbewu ija inali yakale, yosungidwa potentha. Njere za mtengowu zikagonera nyengo yotentha m'chipinda cha malata zimafa ngakhale khungu lake likuwalabe. Pamene ndinkapeza mbewu ina kwa mlimi amene anathyola yekha chaka chomwecho, Novembala anali atapita pakati. Mtima unandiwawa kwambiri, osati chifukwa cha ndalama zokha, koma madzi amene tinatunga kuthirira bedi lopanda kanthu m'mwezi wotentha ngati Okutobala.

Musanafese, tengani njere 20, muzikulunge m'kansalu konyowa, muike pamthunzi n'kumakanyowetsa tsiku lililonse. Pakatha sabata kapena masiku 10 werengani zimene zatulutsa muzu. Zikachepera 15, funani mbewu ina, kapena fesani mothinana podziwa kuti zambiri sizimera. Chitani zimenezi mu Seputembala kuti mukhale ndi mpata wosintha. Kilogalamu imodzi ya mbewu yabwino imakwanira ekala yonse pamodzi ndi zopakiza. Njere zatsopano sizifuna madzi otentha kapena kuzitema. Kuziviika m'madzi ozizira usiku umodzi n'kokwanira.

Nazale yake ndi bedi lokwezeka, mita imodzi m'lifupi kuti dzanja lifike pakati, dothi lapamwamba losakaniza ndi manyowa owola bwino ndi mchenga pang'ono. Timizere tofeseramo titalikirane masentimita 10, njere ndi njere masentimita 5, kuzama osapitirira masentimita 2. Njere yokwiriridwa mozama imaolera pansi. Pamwamba mangani kathandala kaudzu kochepetsa dzuwa, ndipo thirirani m'mawa ndi madzulo. Mbande zimafuna milungu 6 mpaka 8. M'milungu iwiri yomaliza chotsani udzu wa pathandala pang'onopang'ono ndi kuchepetsa madzi kuti zikhwime, chifukwa mbande yoleredwa pamthunzi mpaka tsiku lowokera imapsa ikangofika kumunda. Machubu ndi abwino kwa amene ali nawo, koma kunyamula machubu 3,000 odzaza dothi kupita kumunda si masewera; mbande zozula pabedi zimagwira bwino ngati mwathirira bedi kwambiri musanazule, mwachotsako masamba ena, ndipo mwawokera tsiku lomwelo dothi lili lonyowa, makamaka kukachita mitambo kapena madzulo.

Chifukwa cha kuchedwa kuja, mbande zanga zinalowa m'munda chapakati pa Januwale, chimanga chitafika kale m'mawondo. Zinayenera kulowa mu Disembala, mvula itangokhazikika. Kusiyana kwa mwezi umodziwo n'kwakukulu: mbande yochedwa imaphimbidwa ndi chimanga, imakula monyozoloka, ndipo mvula imatha muzu wake usanatsike pansi pomwe pali chinyontho. Kutachita kang'amba, chiswe chinalowa. Chiswe sichikonda mbande yathanzi, chimatsata yofooka ndi ludzu. Mumaona kamtengo kafota masana, mukakagwira kamangozuka, khungu lonse la m'munsi litadyedwa. Phulusa lothira mozungulira tsinde linathandizako pang'ono, komanso kusachotsa zinyalala zonse m'munda kuti chiswe chikhale ndi chakudya china. Komabe pofika nthawi yokolola, pafupifupi mtengo umodzi mwa itatu iliyonse unali utafa. Aganyu opalira anadulanso ina osadziwa, chifukwa kambande ka gliricidia pakati pa udzu sikaoneka. Zikani kamtengo kouma pambali pa mbande iliyonse, ndipo muwaonetse opalira musanawasiye okha.

Chaka choyamba mitengo sidulidwa, ndipo sipereka kanthu. Chimanga chimafuna feteleza wake wonse monga kale. Zokolola zanga chaka chimenecho sizinasinthe, pamene ndinali nditalipira mbewu kawiri, kugula chothiririra, ndi kulipira ganyu yowokera. Ndalama ndi mphamvu zimangotuluka, palibe cholowa.

Kenaka chinafika chilimwe, chimene ndi mdani wamkulu wa mitengo yaing'ono kuposa chiswe. Anthu akangomaliza kukolola amamasula mbuzi ndi ng'ombe. Mbuzi sizithamangira masamba aawisi a gliricidia chifukwa cha fungo lake, koma pofika Seputembala, msipu utatha, zimadya nsonga ndi kukungudza khungwa. Choopsa kwambiri ndi moto. Anyamata osaka mbewa anayatsa munda woyandikana nawo mu Ogasiti, mphepo n'kuukankhira kwanga, ndipo mapesi amene ndinasiya atagona pakati pa mitengo anasanduka nkhuni zake. Mizere ingapo ya chakum'mawa inapserera. Tsiku limenelo ndinaima pamalire n'kuganiza zongosiya zonse. Ina mwa imene inapsa inaphukanso patsinde mvula itagwa, koma inatsalira m'mbuyo chaka chathunthu.

Chimene chinathetsa zimenezi m'zaka zotsatira ndi zinthu ziwiri. Mukangokolola, limani njira yopanda udzu yotambalala mamita 2 kapena 3 kuzungulira munda wonse, ndipo mapesi musawaunjike pamitengo. Chachiwiri, pitani kwa amfumu chilimwe chisanayambe, osati moto utadutsa kale, mukafotokoze kuti m'munda mwanu muli mbewu chaka chonse. Mukakhala alimi angapo oyandikana amene mwabzala mitengo kapena nandolo, mawu anu amamveka kuposa a munthu mmodzi. Pankhani ya malo yomweyi: musabzale gliricidia m'munda wobwereka kapena wochita lendi, chifukwa phindu likamayamba mwini munda adzaufuna. Kuno kumene minda yambiri imayendera kuchikazi, kambiranani ndi eni mbumba poyamba, kuti mitengo isadzakhale poyambira mkangano.

Nyengo yachiwiri, ya 2021/22, ndiyo inali yowawa kuposa zonse. Feteleza anali atadula kwambiri chaka chimenecho, ndipo poona mitengo itatalika kupitirira munthu ndinaganiza kuti yakwana kulowa m'malo mwa feteleza. Sindinathire ngakhale pang'ono. Ndinadula mitengo mu Okutobala n'kukwirira masamba, koma anali ochepa: mitengo ya chaka chimodzi, yambiri yopakiza, ina yopsa. Chimanga chinamera bwino, koma patatha milungu itatu masamba ake anayamba kufiirira m'mbali, chizindikiro cha kusowa kwa fosiforasi. Apa mpamene pali chinthu chimene aliyense ayenera kuchimvetsa. Gliricidia amatenga nayitirojeni mumpweya kudzera m'timatuza ta pamizu yake, ndipo ameneyo amawonjezeradi m'munda. Fosiforasi satero naye. Amangokoka amene ali kale m'nthaka n'kumubweza pamwamba kudzera m'masamba. Nthaka ikakhala kuti inatha fosiforasi, mitengo siingamupange. Ayenera kuchokera ku feteleza wokulitsa, kaya wa chitowe uja wa 23:21:0+4S kapena wa 23:10:5+6S+1.0Zn amene akupezeka masiku ano, kapena ku manyowa a khola.

Pamwamba pa zimenezo kudulira kwachiwiri kunachedwa. Chitsa cha gliricidia chikalawa mvula chimaphuka mofulumira kuposa chimanga. Kumapeto kwa Disembala mphukira zinali zitapitirira chimanga, koma nthawi imeneyo ndi yomwe kupalira kumakhala pakhosi, m'nyumba chakudya chatha, ndalama ya ganyu palibe. Kenaka namondwe Ana anabwera kumapeto kwa Januwale 2022, m'munda osaloweka. Pamene ndinkadzadula, mizere ya chimanga yoyandikana ndi mitengo inali itakhala pamthunzi milungu yambiri: mapesi aatali owonda, masamba achikasu, zisononkho zazing'ono. Ndinakolola zochepa kuposa zaka zonse zam'mbuyo, ndipo chaka chimenecho tinayamba kugula chimanga mu Okutobala. Anansi ankanena poyera kuti mitengo yadya munda, ndipo kunena zoona zimene ankaona ndi maso zinkawavomereza. Panyumba panalinso mawu, ndipo anali omveka, chifukwa amene ankasowa ufa ndi ana.

Mlangizi wa zaulimi wa dera lathu atabwera kudzaona, sanachedwe kuloza vuto. Anandiimika pakati pa mizere nthawi ya m'mawa n'kundiuza ndiyang'ane pamene mthunzi wa mphukira ukugwera. "Bambo," anatero, "mtengowu m'dzinja suyenera kuoneka ngati mtengo. Ukangoposa chimanga, mwachedwa kale." Kuyambira pamenepo ndinasiya kudulira poyang'ana kuti ndapeza mpata liti, ndinayamba kuika kudulira pa kalendala ngati kubzala.

Kadulidwe koyenera kali motere. Koyamba ndi mu Okutobala, pokonza munda, mvula yobzalira isanagwe. Dulani mtengo uliwonse pa msinkhu wa masentimita 30 kuchokera pansi. Chikwanje chikhale chakuthwa kwambiri, ndipo temani mopendeketsa kuchokera m'munsi kupita m'mwamba. Mukatema chotsitsa, chitsa chimang'ambika, madzi amalowa m'mng'alu, chimaola, chiswe n'kumalizitsa. Mukadula pansi kwambiri chitsa chimakwiririka pobandira. Mukasiya chachitali mphukira zimayambira pamwamba n'kuphimba chimanga msanga. Pululani masamba ndi nsonga zanthete pomwepo, nthambi zokhwima muike padera. Nthambi zokhwima musazikwirire: siziola msanga, zimaitana chiswe, ndipo zina zimamera m'mzere. Zimenezo ndi nkhuni, kapena zoimikira tomato ndi nyemba.

Kakwiriridwe kake kamasintha ulimi umene tinazolowera. Mwachizolowezi mzere wa chaka chino timauunga pamene panali khwawa chaka chatha. M'munda wa gliricidia zimenezo sizitheka, chifukwa m'khwawamo muli zitsa. Mizere imakhala pamalo amodzi chaka ndi chaka. Mumang'amba mzere wakale pakati ndi khasu, kuyala masamba m'kati mwake, n'kuubwezeretsa pomwepo, masamba atakwiririka ndi dothi lokwana ngati masentimita 10 mpaka 15. Masamba a mzere umodzi wa mitengo agawidwe mofanana ku mizere iwiri ya chimanga, wa kumanja ndi wa kumanzere. Kwirirani tsiku lomwe mwadula kapena lotsatira. Masamba osiyidwa pamtunda mu Okutobala amauma n'kuuluka ndi kamvulumvulu, ena mbuzi zimadya chifukwa akafota zimawakonda. Aganyu ozolowera kusuntha mizere muwafotokozere bwino, apo ayi adzakwirira zitsa zanu.

Masamba a gliricidia amaola msanga. Akangonyowa, gawo lalikulu la chakudya chake limatuluka m'milungu yochepa yoyamba. Ubwino wake ndi woti chimanga chaching'ono chimachipeza nthawi yomweyo. Kuipa kwake ndi koti mukachedwa kubzala, mvula imatsitsa nayitirojeni pansi pomwe mizu ya chimanga siinafike. Choncho bzalani ndi mvula yoyamba yokwanira, phando lililonse njere imodzi pa masentimita 25. Musapupulume ndi chizimalupsa, koma mvula yeniyeni ikagwa musadikire sabata.

Kudulira kwachiwiri kumabwera chimanga chikafika milungu 4 mpaka 6, nthawi zambiri kumapeto kwa Disembala kapena kumayambiriro kwa Januwale, mphukira zisanapose chimanga. Izi ndi zanthete, zimadulika ndi chikwanje chaching'ono kapena chisenga. Ziyaleni m'mbali mwa mzere n'kuzikwirira popalira kapena pobandira, osakumba mozama kuopa kudula mizu ya chimanga. Kumeneku ndiko kubereketsa kwanu. Kwachitatu ndi mu Febuluwale, ngati mphukira zakweranso. Masamba a ulendo umenewu sathandiza kwambiri chimanga chimene chili m'munda, koma kudulako kumachotsa mthunzi ndi kulimbirana madzi pamene chimanga chikukhwimitsa, ndipo masambawo amakonza nthaka ya chaka chamawa. Zikatero isiyeni mitengo ikule chilimwe chonse mpaka Okutobala.

Ntchito imeneyi ndi yambiri, ndipo palibe chifukwa chobisira. Kudula ndi kupulula mitengo 3,000 ndi kung'amba mizere ya ekala yonse kumatenga nthawi yoposa kukonza munda wamba, m'mwezi wotentha kwambiri pachaka. Kudulira kwa Januwale kumalimbirana manja ndi kupalira. Njira imene inandithandiza ndi kusunga padera chimanga kapena ndalama ya ganyu ya Januwale nthawi yokolola, osaikhudza, ndiponso kugulitsa mitolo ya nkhuni za mu Okutobala kuti zilipire odula.

Nyengo yachitatu, ya 2022/23, ndinachita zonsezi pa nthawi yake, ndipo ndinathira thumba limodzi la feteleza wokulitsa pa ekala yonse, popanda urea. Kusintha kunaoneka m'masabata oyamba. Chimanga chinali chobiriwira moderako, mapesi onenepa, ndipo pobandira khasu linkatulutsa dothi lakuda lofewa m'kati mwa mzere, muli nyongolotsi, pamene kale munkatuluka zibuma zouma. Namondwe Freddy atafika mu Malichi 2023, madzi anadutsa m'minda yambiri ya kuno n'kudula mizere. Wanga sunapulumuke kwathunthu, mbali ya kumunsi inakokoloka ndipo chimanga china chinagwa n'kuola. Koma m'makwawa okhala ndi zitsa madzi ankachepa liwiro, zinyalala zinkakodwa pazitsa n'kugwira dothi. Ngakhale zinali choncho, zokolola zinaposa zimene ndinkapeza kale ndi matumba awiri a feteleza. Apo mpamene mtima unakhala pansi.

Nyengo yachinayi, ya 2023/24, inali ya ng'amba ya El Niño, ndipo kwacha inali itangotsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, feteleza n'kukweranso. Mvula itadula pakati pa nyengo, chimanga cha m'minda yoyandikana chinkapota masamba dzuwa likangokwera, pamene changa chinkapirira mpaka masana ndipo chinkatsitsimuka msanga madzulo. Nthaka yokhala ndi zoolerana imasunga chinyontho nthawi yotalikirapo. Si kuti mitengo imabweretsa mvula: ng'amba itapitirira, changanso chinavutika ndipo zokolola zinatsika. Koma ndinakolola, pamene ena sanapeze n'chimodzi chomwe. Chinthu china chimene ndinaphunzira chaka chimenecho n'choti ng'amba ikayamba, dulani mphukira msanga osadikira tsiku lake, chifukwa masamba ambiri pachitsa amamwa madzi omwe chimanga chikuwafuna. Ndipo dothi likauma musalitembenuze pokwirira. Yalani masambawo pamwamba m'mbali mwa mzere kuti aphimbe nthaka. Kaufiti sanathe, koma anachepa moonekeratu, chifukwa amakonda nthaka yoguga.

Pa feteleza, maganizo anga ndi awa. Chaka choyamba thirani monga mwa masiku onse. Chachiwiri musachotse wokulitsa, ndipo wobereketsa mungachepetse pang'ono pokha ngati masamba anali ambiri. Kuyambira chachitatu, mitengo ikakhala yodzaza bwino, urea mukhoza kumuchepetsa ndi theka kapena kumusiya chaka chimene ndalama zavuta, koma wokulitsa pang'ono, kapena manyowa a khola, apitirire. Ku Makoka komweko anapeza kuti feteleza wochepa wothiridwa m'munda wa gliricidia amawonjezerabe zokolola, choncho amene angakwanitse theka la thumba asalisiye poganiza kuti mitengo yakwanira.

Chimene chikanandipulumutsa ku njala ya chaka chachiwiri ndi kusadalira mtengo umodzi. Gliricidia amachedwa kuyamba koma amakhala zaka zambiri osabzalanso. Pali ina yofulumira imene ingatseke mpatawo. Nandolo ndiye woyamba: mbewu ngati Mthawajuni kapena Mwaiwathualimi zimabzalidwa pamodzi ndi chimanga, zimayoyola masamba ambiri m'chilimwe, muzu wake umaboola nthaka yolimba, ndipo mumapeza ndiwo ndi ndalama chaka chomwecho. M'makwawa opanda mitengo kapena m'gawo la munda limene simunabzale gliricidia, nandolo asasowe. Ombwe, amene ena amati mthuthu, amafesedwa mwachindunji m'munda popanda nazale, njere 2 kapena 3 paphando, nthawi yobzala chimanga kapena popalira koyamba. Amatsala m'munda mukakolola, ndipo mu Okutobala mumamudula n'kukwirira masamba ake, kenaka kubzalanso. Ziweto sizimudya kwenikweni. Koma mizu yake imachulukitsa tinyongolotsi totupitsa mizu, choncho musamubzale pamene mukufuna kudzalima fodya kapena tomato, ndipo masamba ake asafike m'dziwe la nsomba chifukwa amapha nsomba. Jelejele amapereka masamba abwino ndi nkhuni, ndipo anzathu a ku Chipata ku Zambia amamugwiritsa ntchito pogoneka munda zaka ziwiri, koma kwa ife a minda yaing'ono kugoneka munda n'kovuta, komanso ali ndi tizilombo take timene timamaliza masamba, ndi vuto lomwelo la tinyongolotsi.

Msangu ndi nkhani ina. Umayoyola masamba m'dzinja n'kuphuka m'chilimwe, choncho suphimba chimanga ndipo sufuna kudulira chaka ndi chaka. Amene anaona chimanga cha pansi pa misangu ikuluikulu ku Salima kapena ku Bwanje akudziwa chimene ndikunena. Umabzalidwa pa mamita 10 mbali zonse, mitengo ngati 40 pa ekala. Njere yake ndi yolimba, muyenera kuitema pang'ono pakhungu ndi chowengera zikhadabo musanafese, ndipo mbande isakhalitse m'chubu chifukwa muzu wake wautali ukapindika mtengo umapinimbira. Phindu lake limadza patatha zaka zambiri, mwina 10 kapena kuposa. Bzalani lero pakati pa gliricidia, koma musawerengere chakudya cha chaka chamawa pa iwo.

Gliricidia nayenso sachita bwino paliponse. Malo odikha madzi monga m'dambo amamupha, ndipo kumapiri kozizira kwambiri amakula mochedwa. Musanagule mbewu yambiri, yendani m'dera lanu muone ngati pali amene ali ndi mitengoyi ndipo ikukula motani. Nsabwe zakuda zimagwira nsonga zake nthawi zina, makamaka kukauma, koma mitengo yokhazikika imapirira, ndipo sindinaonepo chifukwa chogulira mankhwala. Ena amabzala pozika nthambi m'malo mwa njere. Zimagwira, ndipo n'zabwino pa mpanda, koma mtengo wa nthambi mizu yake imayenda pamwamba n'kulimbirana ndi chimanga, pamene wa njere umatsitsa muzu pansi. M'kati mwa munda gwiritsani ntchito mbande za njere.

Kuti musadzavutike ndi mbewu ya pamsika, siyani mitengo 10 kapena 20 m'malire osaidula, makamaka mbali imene mthunzi wake sugwera m'munda, yotalikirana mamita 3 kapena kuposa. Mitengo yodulidwa chaka ndi chaka siibereka. Yosiyidwayo imayoyola masamba m'chilimwe n'kuchita maluwa, ndipo zikhokho zake zimakhwima patatha mwezi ndi theka kapena iwiri. Zikauma pamtengo zimaphulika n'kumwaza njere kutali, choncho thyolani zikangoyamba kusanduka zachikasu, muziyanike padzuwa zili m'thumba kapena mutaziphimba ndi ukonde wakale kuti njere zisabalalike. Tengani njere ku mitengo yambiri, osati umodzi wokha. Zikauma bwino, sungani m'chigubu chotseka pamalo ozizira, ndipo fesani chaka chomwecho kapena chotsatira, mutayamba mwaziyesa m'kansalu konyowa.